Max Martin: munthu wosakwera pa siteji amakhala bwanji mwini nyimbo zomwe dziko lonse likuimba?

Mlongoti88

Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa inu odziwa za kapekedwe ka nyimbo. Mukayang'ana mayina a opeka pansi pa nyimbo za Backstreet Boys, Britney Spears, Katy Perry, Taylor Swift, The Weeknd ndi Ariana Grande, pali dzina limodzi lomwe limangobwerabwera: Max Martin. Oimbawa si a mbadwo umodzi. Ena anatchuka nthawi ya makaseti ndi ma CD, ena atchuka nthawi ino ya Spotify ndi YouTube, koma wopeka ndi yemweyo. Nkhope yake anthu ambiri saidziwa n'komwe.

Ndikufuna kumvetsa zinthu zenizeni, osati zongomutamanda. Mkuluyu anachokera kuti ndipo ntchitoyi anaiphunzira kwa ndani? M'situdiyo amagwira chiyani kwenikweni: mawu, chuni, zida, kapena amangoikapo dzina pa ntchito ya anyamata ake? Ndipo njira yakeyo ingagwire kwa munthu wopeka m'Chichewa, kapena ndi ya Chingelezi chokha?

Mbewe_wa_Zimbale

Achimwene, nkhaniyi imayambira ku Sweden, osati ku America monga ambiri amaganizira. Dzina lake lenileni ndi Karl Martin Sandberg. Anabadwa pa 26 Febuluwale 1971 ku Stockholm, n'kukulira ku Stenhamra, m'boma la Ekerö kumadzulo kwa mzindawo. Ali mwana analowa sukulu za nyimbo zomwe makhonsolo a ku Sweden amayendetsa, komwe ana amapita akaweruka n'kuphunzira chida choimbira pamtengo wotsika. Mfundo imeneyi musaidumphe, chifukwa mwiniwakeyo ananenapo kuti zonse ali nazo zinamera m'sukulu zimenezo.

Asanayambe kupekera ena anali woimba. Ankatsogolera bandi ya rock yotchedwa It's Alive, akudzitcha Martin White. Bandiyo inatengedwa ndi Cheiron, kampani ndi situdiyo ya Denniz Pop, yemwe dzina lake lenileni linali Dag Volle. Chimbale cha bandiyo sichinayende malonda. Koma Denniz, amene anali DJ ndipo anali atangokweza gulu la Ace of Base, anaona kuti mnyamatayu ali ndi khutu la chuni, ndipo mu 1993 anamutenga kuti azigwira naye ntchito. Dzina loti Max Martin anamupatsa ndi Denniz yemweyo. Aliyense anabweretsa chake: Denniz ankadziwa chomwe chimadzutsa anthu pampando m'malo ovinira, Max ankadziwa manotsi ndi ma chord (manotsi angapo oimbidwa nthawi imodzi). Zaka zoyambirira zinatha akuphunzira makina ndi kujambula, usana ndi usiku, dzina lake lili pambuyo pa la mphunzitsi wake.

Mu 1995 kampani ya Jive inatumiza Backstreet Boys ku Stockholm. Anyamatawo anayamba kutchuka ku Germany ndi maiko ena a ku Ulaya, kwawo ku America kusanawalandire. Kenako kunabwera "Quit Playing Games (with My Heart)", "As Long as You Love Me" ndi "Everybody (Backstreet's Back)". Mu 1998 Jive inatumizanso mtsikana wa zaka 16, Britney Spears. Nyimbo yomwe anamupatsa, "...Baby One More Time", inali itakanidwa kale ndi gulu la TLC. Max anaipeka yekha, n'kuijambula mothandizana ndi Rami Yacoub. Inatuluka chakumapeto kwa 1998, ndipo mu Januwale 1999 inakhala nambala wani pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America, koyamba kwa Max. Denniz sanaione. Anamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 30 Ogasiti 1998 ali ndi zaka 35.

Zaka za 1999 ndi 2000 zinali za phindu lalikulu: "I Want It That Way" ya Backstreet Boys yomwe anapeka ndi Andreas Carlsson, "That's the Way It Is" ya Céline Dion, "Oops!... I Did It Again", "It's My Life" ya Bon Jovi, ndi "It's Gonna Be Me" ya NSYNC. Cheiron inatsekedwa kumapeto kwa 2000, ndipo mu 2001 iye ndi Tom Talomaa anatsegula situdiyo yawo, Maratone.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti mbiri yake ili ndi phunziro lenileni, ndipo anthu omutamanda amapadumpha. Zinthu zinazilala. Nyimbo za magulu a achinyamata zinatha fasho, mawailesi a ku America anatembenukira ku hip-hop ndi R&B, opanga nyimbo monga Timbaland ndi The Neptunes ndi omwe ankafunidwa. Kuchokera mu 2000 mpaka 2008 Max sanakhalenso ndi nambala wani pa Hot 100. Zaka zisanu ndi zitatu. Opeka ambiri a nthawi imeneyo anathera pomwepo chifukwa ankangobwereza kamvekedwe komwe kanawatchukitsa. Iyeyu anasiya kudalira kiyibodi, anaika mtima pa gitala, n'kupeza mnzake watsopano ku New York, Lukasz Gottwald, wodziwika ndi dzina loti Dr. Luke. Awiriwa anapeka "Since U Been Gone", yomwe mkulu wa kampani ya nyimbo, Clive Davis, anawakakamiza kuti aipereke kwa Kelly Clarkson mu 2004. Inafika nambala 2, koma ndi imene inamubwezera m'bwalo.

Chiyambireni pamenepo njira yake ndi yomweyo: pakapita zaka zingapo amatenga wachinyamata amene akumva zomwe zikuchitika panthawiyo, n'kumuphunzitsa monga Denniz anamuphunzitsira. Karl Johan Schuster, wodziwika ndi dzina loti Shellback, anabwera kuchokera ku nyimbo za metal ndipo anagwira naye "So What" ya Pink mu 2008. Pambuyo pake kunabwera Ilya Salmanzadeh, Ali Payami ndi Oscar Holter, kudzera m'gulu la opeka la Wolf Cousins ku Stockholm. Savan Kotecha wakhala akuthandiza pa mawu.

Zotsatira mukuzidziwa. Chimbale cha Katy Perry cha 2010, Teenage Dream, chinatulutsa ma nambala wani asanu, kufanana ndi Bad ya Michael Jackson, ndipo zinayi mwa nyimbozo Max anapeka nawo. Ndi Taylor Swift anayamba pa chimbale cha Red mu 2012, n'kupitiriza pa 1989 mu 2014. Ndi The Weeknd kunali "Can't Feel My Face" mu 2015 ndi "Blinding Lights" kumapeto kwa 2019, yomwe inakhala masabata 90 pa Hot 100. Anapatsidwa mphoto ya Grammy ya wojambula nyimbo (producer) wa chaka mu 2015, Polar Music Prize mu 2016, n'kulowetsedwa mu Songwriters Hall of Fame mu 2017. Mu Januwale 2024 nyimbo ya Ariana Grande "yes, and?" inamufikitsa pa ma nambala wani 24 monga wojambula, kupitirira George Martin wa The Beatles. Miyezi iwiri pambuyo pake anafika 27 monga wopeka, kupitirira John Lennon yemwe ali ndi 26, kutsogolo kwake kutangotsala Paul McCartney ndi 32. Mu 2025 anabwereranso kwa Taylor Swift limodzi ndi Shellback pa chimbale cha The Life of a Showgirl.

Gitala_ya_Chileka

A Mbewe aikamba bwino mbiri. Ine ndilowe m'situdiyo, chifukwa funso loti amangoikapo dzina liyenera kuyankhidwa ndi ntchito yeniyeniyo. Yankho ndi ayi. Gawo lake lalikulu ndi chuni, kamangidwe ka nyimbo, ndi kujambula liwu la woimba.

Chuni chimayamba, mawu amabwera pambuyo. Wopeka amaimba zopanda tanthauzo, "na na" kapena timawu tongofanana ndi chilankhulo, pamwamba pa ma chord atatu kapena anayi ndi ng'oma yosavuta. Amajambula pa foni, n'kumamvetsera mobwereza mpaka atadziwa kuti phatikizo lililonse likugwera pati, lalitali ndi liti, lalifupi ndi liti. Zikakhazikika, wolemba mawu amapatsidwa malo owerengeka. Ngati mzere uli ndi maphatikizo 7, mawu akhale a maphatikizo 7, osati 8. Mzere wotsatira wofanana nawo ukhalenso 7, ndipo pogogomeza pakhale pomwepo. Anzake ogwira naye ntchito amati awa ndi masamu a chuni. Bonnie McKee, yemwe analemba nawo mawu a "Teenage Dream", anafotokozapo kuti mawuwo anawalemba mobwereza kangapo asanavomerezedwe, chifukwa cha malamulo omwewa.

Chachiwiri ndi kusiyanitsa zigawo. Nyimbo zambiri za mtunduwu zili ndi vesi, kachigawo kokwezera kolasi, kolasi, vesi yachiwiri, kokwezera, kolasi, kachigawo kosintha, n'kumalizira kolasi. Chigawo chilichonse chimakhala ma bar 8, nthawi zina 4 kapena 16 (bar imodzi kawirikawiri ndi kugunda kanayi). Chinsinsi chili pa malire a zigawozi. Vesi ikakhala ya timawu tothithikana tothamanga, kokwezerako kakhale ka manotsi ataliatali kuti khutu lipume. Vesi ikamayambira pambuyo pa kugunda koyamba kwa bar, kolasi iyambire pa kugundako kapena patsogolo pake. Vesi ikhale m'munsi mwa liwu la woimba, noti yapamwamba kwambiri muisungire kolasi. Cholakwika chofala ndi kuimba noti yapamwambayo mu vesi. Kolasi ikafika imakhala ilibe kokwera, ndipo womvera amamva ngati nyimbo siinasunthe ngakhale mutawonjezera zida khumi. Mvetserani "Since U Been Gone" ndi khutu limenelo: vesi ili pansi ndi gitala mmodzi wowonda, kolasi ikulumpha m'mwamba zida zonse zikulowera limodzi.

Chachitatu ndi kuumira pa zinthu zatsopano. Nyimbo yonse ikhale ndi tizidutswa ta chuni titatu kapena tinayi, basi, n'kumatibwereza titavala zida zosiyana. Ma chord akamasinthasintha, chuni chikhale chosavuta. Ma chord akangozungulira pamodzimodzi, chuni chingathe kuyendayenda. "Shake It Off" ya Taylor Swift ili ndi ma chord atatu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Am, C ndi G, pa liwiro la kugunda ka 160 pa mphindi. Chomwe chimaisuntha ndi ng'oma za Shellback ndi malipenga, osati ma chord. Palinso luso lomwe Max ananena kuti anaphunzira kwa Prince: kumveketsa chuni cha kolasi kale mu vesi, kuti kolasi ikafika koyamba womvera aimve ngati akuidziwa kale. "E.T." ya Katy Perry ndi chitsanzo chake.

Chachinayi ndi masekondi oyambirira. Denniz anali DJ, ankadziwa kuti anthu ovina amaweruza nyimbo nthawi yomweyo. "...Baby One More Time" imayamba ndi manotsi atatu a piyano, ndipo mwaizindikira sekondi yachiwiri isanathe. "Blinding Lights", pa liwiro la 171, imakupatsani kachuni ka synth woimba asanatsegule pakamwa. Lero zimenezi zakula mphamvu chifukwa Spotify imawerenga kuti nyimbo yamvedwa pokhapokha yadutsa masekondi 30. Kolasi yoyamba ifike mphindi imodzi isanathe kapena cha pomwepo, nyimbo yonse ithere pakati pa mphindi zitatu ndi zinayi.

Kenako demo, chojambula choyamba chongoonetsa mmene nyimbo idzamvekere. Poti anali woimba, Max amaimba yekha demo, ndi kapumidwe ndi kakokedwe ka mawu komwe akufuna, ndipo woimba amaphunzira kuchokera pamenepo. Tsiku lojambula, chinthu choyamba ndi kupeza kiyi. Mukalakwitsa kiyi ndi theka la sitepe lokha, noti ya kolasi imatuluka yofinyika kapena yopanda mphamvu, ndipo palibe kompyuta yomwe ingakonze zimenezo. Woimba amabwereza mzere uliwonse kambirimbiri. Pambuyo pake wojambula amakhala pansi n'kumasankha, liwu ili kuchokera pa kuimba kwachitatu, phatikizo ilo kuchokera pa kwachisanu ndi chiwiri, ngati munthu wosankha nyemba m'lichero, mpaka atalumikiza mzere umodzi wopanda chilema. Ntchito imeneyi imadya maola ambiri ndipo ndi yotopetsa. Pomwe imalakwika ndi polumikizapo: mukadula pakati pa mpweya, kapena kulumikiza mawu omwe woimba anaimba ali pafupi ndi maikolofoni ndi ena omwe anaimba atatalikira, liwu limamveka lodumphadumpha. Pa kolasi amawonjezera mawu obwereza kumanzere ndi kumanja kuti ikule. Kusakaniza komaliza kwa nyimbo zake zambiri za zaka zaposachedwa amachita ndi Serban Ghenea ku Virginia Beach, munthu winanso.

Mukafuna kumva ntchitoyi ili yaiwisi, chimbale cha 1989 chokhala ndi nyimbo zowonjezera chili ndi mawu ojambulidwa pa foni pomwe Taylor Swift akuimbira Max ndi Shellback "Blank Space" koyamba ndi gitala. Chuni ndi mawu ambiri anabwera nazo yekha. Apo mukuona kuti gawo la Max limasintha malinga ndi woimba: kwa Britney anapereka nyimbo yathunthu, kwa Taylor anali wodulira, wokonza ndi womanga.

Mtengo wa njirayi ulipo. Chuni chikamalamulira, tanthauzo nthawi zina limavulala. Mawu a "I Want It That Way" vesi ndi kolasi sizigwirizana bwino, moti kampani inakonzetsa mawu ena omveka, koma gululo linasankha oyamba aja chifukwa ndi omwe ankakhala bwino pa chuni.

Tsopano pa Chichewa, achimwene a Mlongoti. Njirayi imagwira, koma ili ndi msampha wake. Mwayi wathu ndi woti maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, a, e, i, o, u, ndiye noti iliyonse yaitali ili ndi pokhala. Msampha ndi woti m'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Mukatenga chuni chopekedwa ndi khutu la Chingelezi, noti yaitali imagwera pa phatikizo lomaliza, ndipo mawu amamveka ngati akuimba ndi mlendo. Kuwerenga kokha sikukwanira. Tengani mzere wongopeka uwu: "Usiku wonse sindigona". Maphatikizo ndi 9, ndipo pogogomeza ndi pa lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu ndi chitatu. Mukauphatikiza ndi "Dzina lako lili pakamwa", nawonso ndi 9, koma pogogomeza pasamukira pa loyamba, lachitatu ndi lachisanu, ndiye sungakhale pa chuni chomwecho popanda kupotoza mawu. "Masiku onse ndimalira" ukukhalapo bwinobwino, chifukwa ndi 9 ndipo ukugogomeza malo omwe aja. Onjezeraninso kuti Chichewa chili ndi kukweza ndi kutsitsa kwa liwu komwe kumasiyanitsa matanthauzo. Choncho musanavomereze mzere, ulankhuleni kaye mokweza monga mmene mungalankhulire ndi munthu, kenako muuimbe. Pomwe chuni chikukwera mawu akutsika moonekeratu, sinthani liwulo kapena notiyo.

Mlongoti88

Zikomo kwambiri a Mbewe ndi a Gitala, za maphatikizozo zanditsegula mutu. Chatsala ndi ndalama. Munthu amene sakwera pa siteji, sagulitsa matikiti, amadya bwanji? Ndipo nyimbo ikakhala ndi opeka asanu, amagawana motani?

NaBanda_Umwini

A Mlongoti, nyimbo iliyonse yomwe mumamva ili ndi katundu muwiri, ndipo wosasiyanitsa ziwirizi ndi amene amaberedwa. Woyamba ndi nyimbo yopekedwayo, chuni ndi mawu. Mwini wake ndi wopeka pamodzi ndi publisher wake, kampani yoyang'anira nyimbo zake ndi kumutolerera ndalama. Wachiwiri ndi chojambulidwacho, chomwe amati master, ndipo mwini wake kawirikawiri ndi kampani yomwe inalipira situdiyo. Max Martin amadya mbali zonse ziwiri chifukwa ndi wopeka komanso wojambula.

Kumbali ya kupeka, ndalama zimabwera m'njira zitatu. Yoyamba ndi nyimbo ikaimbidwa pagulu: pa wailesi, pa TV, m'sitolo, m'malo achisangalalo, pa konsati. Izi amatolera ndi mabungwe, STIM ku Sweden, ASCAP ndi BMI ku America, PRS ku Britain, SAMRO ku South Africa, ZAMCOPS ku Zambia, COSOMA kuno kwathu. Mabungwewa amapangana kuti aliyense azitolerera mnzake m'dziko lake. Ndalamazo zimagawidwa pawiri, theka la wopeka ndi theka la publisher. Dziwani ichi: ku America mawailesi a FM ndi AM amalipira opeka okha, salipira woimba kapena mwini master. Ndiye nyimbo ikamalira pa wailesi za kumeneko chaka chonse, wopeka ndi amene akulandira, woimba ngati sanapeke nawo salandirapo kanthu pa njira imeneyi.

Yachiwiri ndi nyimbo ikakopedwa, pa CD, pa mbale, kapena pa intaneti. Ku America mtengo wake umaikidwa ndi lamulo. Mu 1999 unali masenti 7.1 pa nyimbo imodzi pa kope lililonse, kuyambira 2006 mpaka 2022 unali 9.1, ndipo mu 2023 unakwera kufika 12. Werengerani: pa masenti 7.1, makope 1 miliyoni ndi madola 71,000 pa nyimbo imodzi. Chimbale cha Millennium cha Backstreet Boys chinagulidwa makope oposa 1.1 miliyoni sabata yoyamba yokha ku America, ndipo Max anali ndi nyimbo zingapo mmenemo. Nthawi imeneyo ngakhale nyimbo yosatchuka ya m'chimbale inkalipira mofanana ndi yotchuka, poti munthu ankagula chimbale chonse. Lero zinasintha. Pa Spotify ndi anzake nyimbo iliyonse imadzidyera yokha, ndipo gawo la opeka ndi laling'ono poyerekeza ndi la eni master. Ku America mlingo wake unayikidwa pa 15.1 peresenti ya ndalama za kampaniyo mu 2023, kukwera pang'onopang'ono mpaka 15.35 mu 2027. N'chifukwa chake opeka apakatikati akulira pomwe ochepa a pamwamba akulemera.

Yachitatu ndi nyimbo ikaikidwa mu filimu, m'malonda otsatsa kapena m'sewero. Apa palibe mtengo wa lamulo, ndi kukambirana, ndipo wogula amalipira eni nyimbo ndi eni master padera. Sewero lotchedwa "& Juliet", lomwe linayamba ku Britain mu 2019 n'kufika ku Broadway mu 2022, linamangidwa pa nyimbo za Max zokhazokha, ndiye nyimbo za zaka 20 zapitazo zikubweretsanso ndalama zatsopano.

Kumbali ya kujambula, wojambula amalandira ndalama yoyambira, kenako magawo pa malonda a master, kawirikawiri pakati pa 3 ndi 5 pa 100 aliwonse, ochotsedwa pa gawo la woimba. Kusiyana kwa katundu muwiriyu kunaonekera poyera pomwe Taylor Swift anajambulanso 1989 mu 2023, kampani yake yakale itagulitsidwa mu 2019 pamodzi ndi ma master ake. Max sanajambule nawo kachiwiriko, koma pa nyimbo zomwe anapeka nawo dzina lake monga wopeka linakhalabe, ndi gawo lake la kupeka.

Za kagawidwe, palibe lamulo loti opeka asanu alandire 20 peresenti aliyense. Ndi zomwe mwagwirizana. Ena amagawana mofanana onse amene anali m'chipinda, ena amapereka theka kwa opanga biti ndi theka kwa opeka chuni ndi mawu. "...Baby One More Time" ili ndi wopeka mmodzi, "Blinding Lights" ili ndi asanu, "Dark Horse" ya Katy Perry asanu ndi mmodzi. Chofunika ndi kulemba tsiku lomwelo, musanatuluke m'situdiyo: mutu wa nyimbo, tsiku, dzina lenileni la aliyense osati la pa siteji lokha, bungwe lomwe analembetsako, gawo lake, ndi siginecha. Magawo onse akwane 100 ndendende. Mmodzi akalembetsa 50 ku bungwe lake, wina 40, winanso 30, zakwana 120, ndipo bungwe limaimitsa malipiro mpaka mutagwirizana. Nyimbo ikalembetsedwa imapatsidwa nambala ya ISWC, chojambulidwa chimakhala ndi yake ya ISRC. Ziwirizi zikapanda kulumikizidwa, ndalama zimatoleredwa koma sizidziwa kopita. Kwa wopeka wa ku Malawi, khomo ndi COSOMA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992. Kukhala membala kokha sikukwanira, nyimbo iliyonse yatsopano iyenera kulembetsedwa payokha, ndi opeka onse.

Kamwendo_wa_Malamulo

Mayi NaBanda anena zoona, ndingowonjezera ngozi imodzi yomwe imabwera chifukwa cha njira yomwe a Gitala afotokoza. Mukamamanga nyimbo pa ma chord atatu ndi kachuni kakafupi kobwerezabwereza, mwayi wofanana ndi nyimbo ya wina umakula, ndipo nyimbo ikapanga ndalama milandu imabwera.

"Dark Horse" inasumiridwa ndi woimba nyimbo zauzimu za rap, Marcus Gray, wodziwika kuti Flame, yemwe anati kachuni ka manotsi 8 kobwerezabwereza kanatengedwa m'nyimbo yake "Joyful Noise". Mu 2019 bwalo la ku Los Angeles linagamula kuti Katy Perry, Max Martin, Dr. Luke ndi anzawo alipire madola pafupifupi 2.8 miliyoni. Mu Malichi 2020 woweruza Christina Snyder anafafaniza chigamulocho, ponena kuti manotsi ochepa otsika motsatana choncho ndi zipangizo za aliyense, palibe angazitche zake. Bwalo la apilo linagwirizana naye mu 2022. "Shake It Off" nayo inasumiridwa mu 2017 ndi Sean Hall ndi Nathan Butler pa nkhani ya mawu, ndipo mlanduwo unatha mu Disembala 2022 mbali ziwirizo zitagwirizana kuuthetsa usanazengedwe. Zaka zisanu za maloya pa mizere ingapo.

Pa milandu yotere bwalo limafunsa zinthu ziwiri: kodi woimbidwa mlanduyo akanatha kuimva nyimbo inayo, ndipo kodi zofananazo ndi zinthu zomwe lamulo limateteza? Ma chord okha, liwiro, kapena mtundu wa biti kawirikawiri satetezedwa. Chuni chodziwika bwino ndi mawu zimatetezedwa. Chodzitetezera nacho wopeka ndi umboni wa mmene nyimbo inabadwira. Musafufute zojambula za pa foni zija za "na na", chifukwa zili ndi tsiku ndi nthawi. Mafayilo a situdiyo muwasunge tsiku lililonse ndi dzina latsopano m'malo molemba pamwamba pa akale, ndipo mukhale ndi kope lina kunja kwa kompyuta ya situdiyo. Mukagula biti pa intaneti werengani chilolezo chake, chifukwa zambiri zimagulitsidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi ndipo wopanga bitiyo amasunga gawo lake la kupeka, nthawi zambiri theka. Mukatenga kachidutswa ka nyimbo yojambulidwa kale, zilolezo zimafunika ziwiri, cha mwini nyimbo ndi cha mwini master, ndipo zipezeke nyimbo isanatuluke, poti ikatuluka mtengo amatchula ndi iwo.

Pamodzi pomwe ndikusiyana pang'ono ndi a Gitala ndi pa malamulo a kamangidwe. Ndi othandiza, koma ofunsawa asaganize kuti akawatsata onse nyimbo itchuka. Max amagwira ntchito ndi oimba omwe makampani awo ali kale ndi ndalama zotsatsira ndi njira yofikira mawailesi, ndipo si nyimbo zake zonse zomwe zinafika pamwamba. Ngakhale "I Want It That Way", yomwe ambiri amaiyesa nambala wani, inathera pa nambala 6 pa Hot 100, chifukwa kampani siinaigulitse payokha ku America pofuna kuti anthu agule chimbale chonse.